Mafunso Anu pa Maluwa a M'nyumba: Madzi, Dothi ndi Kuwala

Makalata amene tawalandira mwezi uno kuchokera kwa owerenga a mumzinda wa Lilongwe akukhudza kwambiri maluwa osungidwa m'nyumba. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo atikwanire.

Funso: Ndinagula maluwa atatu kwa anyamata ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, ndipo ndinawaoka m'miphika yapulasitiki n'kuwaika pabalaza. Ndimawathirira m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, koma masamba akusanduka achikasu, akufewa ndipo akuthothoka. Kodi madzi akuchepa? (Mayi wa ku Area 25)

Yankho: Mayi, madzi sakuchepa ayi, achuluka. Maluwa ambiri a m'nyumba amene amafa kuno kwathu samafa ndi ludzu, amafa chifukwa mizu yawo yakhala nthawi yaitali m'matope. Mizu imapuma mpweya umene umakhala m'timipata tapakati pa dothi, ndipo mukathira madzi tsiku lililonse timipata timeneti sitipeza mpata wouma. Mizu yosowa mpweya imayamba kuola, ndipo mizu yoola singathe kukoka madzi, choncho duwa limafota ngakhale kuti dothi lake lili lonyowa. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, chifukwa akaona kufotako amawonjezera madzi ena, n'kumaliziratu duwa limene likanapulumuka.

Chizolowezi chothirira m'mawa uliwonse tinachitengera kudimba, kumene mpiru ndi chinese zimamera panja, padzuwa ndi pamphepo, ndipo madzi otsala amalowerera pansi. Pabalaza palibe dzuwa loumitsa dothi, ndipo mumphika madzi alibe kolowera.

Lero lomwe zulani duwa limodzi mosamala, mugwedeze dothi, muone mizu. Mizu yamoyo imakhala yoyera kapena yotuwira, ndipo imalimba mukaigwira. Yoola imakhala yakuda kapena yofiirira, yoterera, imasupuka khungu mukaikoka ndi zala, ndipo imanunkha ngati madzi a m'ngalande. Dulani yoolayo ndi mpeni woyera, tayani dothi lakalelo, ndipo muoke duwalo m'dothi latsopano. Musanatero tembenuzani mphika muone kunsi kwake, chifukwa miphika yambiri yapulasitiki imagulitsidwa yosaboola. Tenthetsani msomali pambaula, muboole zibowo zinayi kapena zisanu. Ena amaika miyala pansi pa mphika wosaboola poganiza kuti madzi adzikhala m'miyalamo, koma zimenezi sizithandiza. Madziwo amangodikha momwemo mpaka kufika kumizu.

Nkhani ya dothi ndiyofunika kuiona bwino. Dothi lofiira la katondo, limene lili ponseponse mu Lilongwe, ndi labwino kumunda wa chimanga, koma mukaliika mumphika limagwirana, likanyowa limamata, ndipo likauma limalimba ngati njerwa. Dothi lakuda la kudambo, limene ogulitsa mbande ambiri amadzaza m'machubu awo, nalonso limasunga madzi mopitirira. Chimene ine ndimalangiza n'chakuti musakanize magawo atatu ofanana: dothi lapamwamba lotengedwa pansi pa mitengo pamene masamba akhala akuolerana, mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi manyowa oola bwino amene sakutenthanso kapena kununkha. Mukhoza kuwonjezera timakala tophwanyika totsalira pansi pa thumba la makala, chifukwa timatsegula dothi. Phulusa lokha musathiremo. Kuti mudziwe ngati mwasakaniza bwino, nyowetsani dothilo pang'ono, mulifumbate m'dzanja, kenako mutambasule. Likayoyoka mukalikhudza ndiye kuti lili bwino, koma likakhala chibuma wonjezerani mchenga.

Pothirira musatsate kalendala. Pisani chala m'dothi mpaka masentimita atatu kapena anayi, ndipo mukamva chinyontho dikirani. Mukapeza kuti lauma, thirani madzi okwanira mpaka atulukire kunsi, ndipo mutaye amene adikha m'kambale kapansi pa mphika. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala mudzapeza kuti dothi likuuma msanga, pamene mu Juni ndi Julayi, usiku ukamazizira kwambiri, maluwa amakula pang'onopang'ono ndipo ena amatha masabata awiri kapena atatu osafuna madzi. Ngati dzanja lanu ndi lopatsa madzi kwambiri, gulani miphika yadothi yosapaka utoto, chifukwa imatulutsa chinyontho kudzera m'mbali mwake ndipo imakhululukira zolakwa zambiri.

Funso: Ndimakhala m'nyumba yalendi imene ili ndi mawindo ang'onoang'ono, ndipo mpanda wanjerwa uli pafupi kwambiri moti m'nyumba mumakhala mdima pang'ono ngakhale masana. Kodi pali maluwa amene angakhale m'malo otere? (Bambo wa ku Area 49)

Yankho: Alipo, bambo, ngakhale kuti palibe chomera chimene chingakhale mumdima weniweni. Njira yapafupi yoyesera ndi iyi: ngati masana mungathe kuwerenga nyuzipepala pamalopo osayatsa getsi, maluwa opirira akhoza kukhalapo.

Loyamba ndi limene ogulitsa amalitchula kuti snake plant, la masamba olimba osongoka, oimirira chilili, amizeremizere ndipo ena ali ndi mkombero wachikasu. Linachokera kumadzulo kwa Africa, ndipo limasunga madzi m'masamba ake, choncho limafuna kuthiriridwa mwa apo ndi apo. Lachiwiri ndi Zamioculcas, limene ambiri amangoti ZZ, la masamba obiriwira onyezimira ngati apakidwa mafuta. Limeneli ndi lakwathu konkuno, chifukwa limamera lokha m'nkhalango za kummawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya mpaka ku South Africa, ndipo pansi lili ndi zinthu zonga mbatata zimene zimasunga madzi a m'chilimwe. Lachitatu ndi money plant, loyanga, la masamba ooneka ngati mtima, limene limaphuka mizu ngakhale mutadula kanthambi kokhala ndi mfundo n'kukaika m'botolo la madzi. Pamalo a kuwala kochepa limataya mawanga ake achikasu n'kukhala lobiriwira lokhalokha, koma silifa.

Alovera ndi maluwa ena a masamba onenepa musawaike m'chipinda chotere, chifukwa amafuna dzuwa lambiri, ndipo akalisowa amatalika monyozoloka n'kuyamba kugwa. Amenewo malo awo ndi pakhonde.

Muonenso kumene mawindo anu aloza. Popeza Lilongwe ili kummwera kwa equator (mzere wongoyerekeza wogawa dziko lapansi pakati), dzuwa la masana limadutsa chakumpoto kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka kumapeto kwa Okutobala, choncho windo loloza kumpoto limalandira kuwala kochuluka, makamaka mu Juni ndi Julayi, pamene loloza kummwera limakhala pamthunzi miyezi yonseyo. Mabuku ambiri a maluwa analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo amanena zosiyana ndi zimenezi chifukwa kumeneko dzuwa limadutsa chakummwera. Windo lakummawa ndi labwino kwa maluwa ambiri chifukwa dzuwa la m'mawa ndi lofatsa, koma lakumadzulo limawaula masamba mu Okutobala ngati palibe katani yopyapyala yotchinga. Fumbi la m'chilimwe nalonso limachepetsa kuwala kofika pamasamba, choncho muziwapukuta ndi kansalu konyowa kamodzi pa masabata awiri.

Funso: Apongozi anga atabwera kudzacheza anandiuza kuti ndichotse maluwa kuchipinda chogona chifukwa usiku amalanda mpweya wa anthu. Mnzanga wina akuti maluwa amayeretsa mpweya wa m'nyumba. Ndimvere ndani? (Mayi wa ku Likuni)

Yankho: Onse awiri agwira mbali ya choonadi, koma aikulitsa. N'zoona kuti usiku zomera zimakoka okosijeni n'kutulutsa carbon dioxide, koma mpweya umene miphika iwiri kapena itatu imagwiritsa ntchito ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene munthu mmodzi wogona nanu m'chipindamo amapuma. Mukhoza kuwauza apongozi mwaulemu kuti asade nkhawa. Chimene chimapha anthu m'zipinda zotseka m'nyengo yozizira ndi mbaula ya makala, imene imatulutsa mpweya wa carbon monoxide wosaoneka ndi wosanunkha, ndipo palibe duwa limene lingachotse mpweya umenewo.

Zimene mnzanuyo akunena zinachokera pa kafukufuku amene bungwe la NASA la ku America, loona za mlengalenga, linatulutsa mu 1989, motsogozedwa ndi B. C. Wolverton, amene anaonetsa kuti zomera zina zimachepetsa mpweya woipa monga benzene ndi formaldehyde. Koma zomerazo anaziyesera m'timabokosi totsekedwa kotheratu, osati m'nyumba zokhalamo anthu. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Drexel ku America ataunikanso kafukufuku wa zaka zambiri anapeza kuti pangafunike zomera zapakati pa 10 ndi 1,000 pa sikweya mita iliyonse kuti zifanane ndi mmene mpweya umasinthira wokha m'nyumba wamba. Kutsegula windo kumachita zambiri kuposa miphika yonse imene mungaikwanitse kugula. Sungani maluwa anu chifukwa amakongoletsa nyumba ndipo amakusangalatsani. Chifukwa chimenecho n'chokwanira.

Funso: Pamaluwa anga paoneka tinthu toyera tonga thonje, makamaka pamene tsamba lalumikizana ndi thunthu. Masamba akumata ndipo nyerere zadzaza. Ndipopere mankhwala anji? (Mtsikana wa ku Kawale)

Yankho: Chemwali, timeneto ndi tizilombo ta mtundu wa kodikodi, abale ake a tija timavutitsa alimi a chinangwa. Timayamwa madzi a m'chomera n'kutulutsa timadzi totsekemera, ndipo n'zimene zikuitana nyerere. Nyererezo zimateteza tizilomboti kwa adani awo, ndipo nthawi zina zimatisamutsira pamaluwa ena, choncho choyamba patulani mphika wogwidwawo muuike kutali ndi inzake.

Mankhwala opopera tomato kapena thonje musawalowetse m'nyumba mmene anthu amadyera ndi kugona. Tengani kathonje, mukaviike mu sipiriti, ndipo mukhudze kachilombo kalikonse; mudzaona kuti kuyera kuja kukusungunuka n'kutsala kanthu kofiirira. Kenako sungunulani sopo wamadzi wotsukira mbale, supuni yaing'ono imodzi mu lita imodzi ya madzi, mutulutse duwalo pamthunzi, mulipopere mpaka kunsi kwa masamba, ndipo pakapita maola ochepa mulitsuke ndi madzi oyera. Yambani mwayesa patsamba limodzi chifukwa maluwa ena sagwirizana ndi sopo, ndipo sopo waufa wochapira zovala musamugwiritse ntchito. Bwerezani sabata iliyonse kwa mwezi wathunthu, popeza mazira obisika amapitiriza kuswa. Ngati duwa lagwidwa paliponse, ndi bwino kudula kanthambi kamodzi koyera, kukatsuka ndi kukabzala mwatsopano, n'kutaya lotsalalo.

Funso: Mwana wanga wayamba kukwawa ndipo chilichonse akuika mkamwa. Kodi maluwa a m'nyumba angamupweteke? Komanso amuna anga akuti miphikayi ndi imene ikubweretsa udzudzu. (Mayi wa ku Area 47)

Yankho: Ena angamupweteke ndithu. Loopsa kwambiri mwa amene amapezeka m'nyumba zambiri ndi Dieffenbachia, la masamba aakulu a mawanga oyera ndi thunthu longa la nzimbe. Madzi ake ali ndi timinga tosaoneka ndi maso ta calcium oxalate, timene timabaya lilime ndi kukhosi, ndipo mwana akalitafuna amamva kuotcha, amatuluka dovu ndipo mkamwa mumatupa. Money plant, peace lily, Philodendron ndi ZZ zili m'banja lomwelo ndipo zili ndi timinga tomweto, ngakhale kuti ululu wake umasiyana. Dieffenbachia ndikulangizani kuti mulichotseretu m'nyumba mpaka mwana atakula, ndipo enawo muwakweze pashelefu kapena muwapachike pamene sangafikire, osalola nthambi kulendewera pansi. Spider plant, la masamba aatali opyapyala a mzere woyera, silidziwika kuti lili ndi poizoni, ndipo ndi limene mungasiye pansi popanda mantha. Mwana akatafuna tsamba, chotsani zotsalira mkamwa, mumupukute ndi kansalu konyowa, musamukakamize kusanza, ndipo mupite naye kuchipatala mutatenga tsamba la duwalo, makamaka ngati akutupa kapena akuvutika kupuma.

Pa za udzudzu, abambo akunyumbawo ali ndi mfundo, koma vuto si duwa kapena dothi. Udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo nyengo ikatentha umatha kuchoka padzira mpaka kuuluka m'masiku osapitirira khumi. Udzudzu wa malungo umakonda kwambiri zithaphwi zapanja, koma mitundu ina imaswana m'tizitini, m'timbale tapansi pa miphika ndi m'mabotolo osungiramo money plant. Muzitaya madzi a m'timbale mukangomaliza kuthirira, ndipo a m'mabotolo muziwasintha kawiri pa sabata, mukutsuka ndi m'mbali mwa botolo momwe chifukwa mazira ena amamatirira pamenepo. Tintchentche tating'ono takuda timene timauluka pamwamba pa mphika si udzudzu ndipo sitiluma. Timaswana m'dothi losauma, ndipo timatha mukachepetsa kuthirira n'kuwaza mchenga wouma wokwana sentimita imodzi pamwamba pa dothilo.