Makadi akale: opima ake akhala anthu kapena makina?

Wowerenga wina wa ku Chilomoni wandilembera imelo, akuti malume ake anamusiyira kabokosi ka makadi akale a mpira ndi ena aja ankapezeka m'mapaketi a fodya. Akufunsa ngati kuwatumiza kunja kukapimitsa kuli ndi phindu, komanso wamva kuti posachedwapa ntchitoyi azigwira ndi makompyuta basi.

Achimwene, kupimako ndi chonchi: makampani ngati PSA ya ku California, yomwe inayamba mu 1991, amaona makona a khadi, m'mbali mwake, pamwamba pake ndiponso ngati chithunzi chili pakatikati, kenaka amalipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10 nkulitsekera mu pulasitiki yolimba. Nambala imeneyo ndi imene imakoka ndalama. Khadi la 1952 la Mickey Mantle, katswiri wa masewera a baseball ku America, lomwe kampani ina yopima makadi ya SGC inalipatsa 9.5, linagulidwa madola 12.6 miliyoni mu 2022.

Za makinazo sibodza ayi. Mu 2021 makadi anachuluka mpaka PSA inaimitsa kaye kulandira ambiri a iwo, chaka chomwecho anagula kampani ya Genamint yopima makadi ndi kompyuta. Pa makadi atsopano ongotuluka mufakitale ine ndikuti makina atenge ndithu, samatopa, samakondera, Lolemba ndi Lachisanu amapima chimodzimodzi.

Koma akalewa nkhani ndi ina ndipo apa ndipomwe mtima wanga uli. Khadi loyamba kupimidwa ndi PSA linali la Honus Wagner, katswiri wina wakale wa baseball, lija linkalowa m'mapaketi a fodya pakati pa 1909 ndi 1911, analipatsa 8, koma mu 2013 munthu amene analigulitsapo anavomera kukhoti kuti analidula m'mbali kuti lioneke bwino. Ndiye taganizani, makadi a nthawi imeneyo ankadulidwa mosiyanasiyana kufakitale komweko, pepala lake limakalamba mwa mtundu wake, kuti udziwe kuti apa padutsa lezala kapena apa apakapo utoto pamafunika munthu woti wagwirapo makadi oterewa zaka ndi zaka, makina angomuthandiza kuona bwino. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china: mu 2024 eni ake a PSA anagulanso SGC. Opima akamachepa chonchi, ndani adzatsutse mnzake akalakwitsa?

Tsono za kabokosi kanuko, musathamangire kutumiza. Mulipira kupimitsa, kutumiza, kubweza, zonse m'madola, ndipo mukudziwa mmene forex ikuvutira kuno. Makadi ambiri a m'fodya anasindikizidwa ochuluka zedi moti mtengo wake sufika pa ndalama yopimitsira. Jambulani lililonse kutsogolo ndi kumbuyo, fufuzani pa eBay, msika wa pa intaneti, mitengo yomwe ofanana nawo anagulidwadi, osati yomwe anthu akungotchula. Musawapukute, musawasite, musadule kona ngakhale yapindika, chotsaninso labala ngati anawamanga nayo, ndipo nyengo ya mvula asakhale pafupi ndi khoma lachinyezi. Mukapeza limodzi kapena awiri odula, nditumizireni zithunzizo tione limodzi.