Kanyumba konyamulika ka anthu ogweredwa ngozi: poyambira si pa zipangizo

Wowerenga wina amene akuphunzira za zomangamanga wanditumizira imelo yofotokoza kuti akufuna kujambula pulani ya kanyumba kopindika, kokhala ndi matayala, kamene kangatambasulidwe m'mphindi zochepa pamalo pomwe pachitika chivomezi kapena pasefukira madzi. Akufunsa kuti asankhe zipangizo ziti kuti kanyumbako kakhale kopepuka koma kolimba.

Ndakondwa ndi cholinga chanu, koma ndikupemphani kuti nkhani ya zipangizo muyambe mwaiika pambali. Choyamba ganizirani banja limene lidzagonemo, njira imene katunduyo adzadutse, ndiponso nthawi imene anthuwo adzakhalemo, chifukwa zinthu zitatuzi ndi zimene zidzakuuzeni zipangizo zoyenera.

Za kukula kwa malo simufunika kuchita kulota. Mabungwe othandiza anthu ali ndi miyezo yotchedwa Sphere, ntchito imene inayamba mu 1997 zitaoneka zofooka zambiri pa chithandizo chimene chinaperekedwa kwa anthu othawa ku Rwanda mu 1994. Miyezoyi imati munthu aliyense akhale ndi malo ofoleredwa osachepera masikweya mita 3.5, ndipo kumadera ozizira, kumene anthu amaphikira ndi kuswera m'nyumba, malowo afike 4.5 mpaka 5.5. Denga likwere mamita 2 pamene patalika kwambiri, kapena 2.6 kumadera otentha. Choncho banja la anthu asanu likufunika masikweya mita 17.5, ndipo kanyumba kotere mukakaika pa matayala kasanduka ngolo yaikulu yofuna galimoto yoikoka ndi msewu wabwino.

Apa ndi pamene ndikukayikira pulani yanu. Ngozi ikagwa, misewu ndi milatho ndi zimene zimayamba kuwonongeka, ndipo gawo lomaliza la ulendo nthawi zambiri limayendedwa pa bwato, pa helikopita kapena pamutu pa anthu. Tenti ya banja ya UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za anthu othawa kwawo, imalemera pafupifupi makilogalamu 55. Nyumba ya Better Shelter, yomwe inakonzedwa mogwirizana ndi UNHCR ndi bungwe lachifundo la IKEA Foundation n'kuyamba kupangidwa yambiri mu 2015, imaposa makilogalamu 150, koma imabwera m'makatoni awiri aphwatalala ndipo anthu anayi amaimanga m'maola angapo. Komabe chimene chimafika msanga kwa anthu ambiri ndi phukusi losadabwitsa la Red Cross: malona awiri a mamita 4 m'lifupi ndi 6 m'litali, chingwe, waya, misomali, sowo, hamala, khasu, fosholo ndi chikwanje. Lole yomwe inganyamule tinyumba tanu tiwiri kapena titatu ingathe kunyamula mapukusi otere okwanira mudzi wonse, ndipo amene akugawa thandizo sadzazengereza posankha.

Ganiziraninso za nthawi. Misasa imene timaitcha yongoyembekezera imakhalitsa kuposa mmene okonza amaganizira. Chivomezi cha ku Haiti cha mu 2010 chinasiya anthu pafupifupi 1.5 miliyoni m'misasa, ndipo ena anakhalamo zaka zingapo, pamene tenti imayembekezeka kutha chaka chimodzi chokha, Better Shelter zaka zitatu. Dzuwa limafumbutsa pulasitiki, mphepo imang'amba nsalu pamsoko, ndipo chitsulo chopindira chikathyoka popanda china cholowa m'malo, kanyumba konse katha ntchito. Funso loyenera kudzifunsa pa chigawo chilichonse ndi lakuti: chikawonongeka, kodi mwini wake angachikonze ndi waya, msomali kapena mtengo? Banja likayamba kumanga nyumba yokhazikika, kodi lingazule denga ndi chitseko n'kukazigwiritsa ntchito kumeneko?

Pali phunziro lina lochokera ku Rwanda limene ndimafuna wophunzira aliyense alidziwe. Othawa kwawo anapatsidwa malona ndi mizati ya aluminiyamu, koma popeza aluminiyamu inali ndi msika, ambiri anagulitsa mizatiyo n'kumadula mitengo, zimene zinawononga nkhalango. Sindiwaimba mlandu, pakuti munthu wanjala amagulitsa chimene chili ndi wogula. Katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Japan, Shigeru Ban, anayesa mizati ya mapaipi a mapepala olimba pa msasa wa Byumba mu 1999, yotsika mtengo ndiponso yosakopa ogula. Kusankha chipangizo kumafuna kudziwa mmene anthu adzachionere, osati kulemera kwake kokha.

Moto ndi mpweya ndi zimene zimapha anthu amene apulumuka kale. Mu 2015 mzinda wa Zurich ku Switzerland unakana kugwiritsa ntchito nyumba za Better Shelter utaziyesa n'kupeza kuti zimagwira moto mosavuta, ndipo pambuyo pake pulaniyo inakonzedwanso. Ku America, tinyumba tokoka timene tinaperekedwa pambuyo pa namondwe Katrina wa mu 2005 tinapezeka kuti matabwa ake amatulutsa mankhwala a formaldehyde ochuluka, moti okhalamo ankadandaula za chifuwa ndi mutu. Anthu adzaphika ndi kuotha moto m'kanyumba kanu ngakhale mutalemba chiletso pakhoma, choncho ikani potulukira utsi, mazenera oyang'anizana, ndi njira yachiwiri yothawira. Miyezo ya Sphere imafunanso mpata wosachepera mamita 2 pakati pa nyumba, ndi danga la mamita 30 pa mamita 300 aliwonse, kuti moto usalumphe.

Musaiwale chitseko chokhomeka ndi m'kati, nyale ya sola, ndi chotchinga chogawa chipinda. Izi zimaoneka zazing'ono pa pepala, koma kwa amayi ndi atsikana ogona pakati pa anthu osawadziwa, ndi zimene zimachititsa kuti apeze tulo. Pansi pakwezeke pang'ono, ndipo zikhomo zigwire ngakhale m'nthaka yonyowa.

Mukamaliza kanyumba koyesera, kaperekeni kwa anthu anayi amene sanakaonepo, mmodzi akhale wachikulire, muwapatse malangizo a zithunzi zokha popanda chida chamagetsi, ndipo inu muime patali n'kumalemba pamene akuvutika. Kenaka kasiyeni panja nyengo yonse ya mvula ndi ya dzuwa. Mukadzaona chimene chayamba kuwonongeka mundilemberenso, ndipo pamenepo tidzakambirana za zipangizo.