Kwa anzanga amene mwangofika ku Joni: galu wa abwana musamumenye

Achimwene ndi alongo anga, ndikulemba ndili kuno ku Chitakale, ku Mulanje, nditagwira ntchito ya m'munda zaka 11 ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Anyamata a ku Limbuli ndi ku Luchenza akamanyamuka amabwera kudzandifunsa za mapepala ndi za lendi. Za agalu palibe amafunsa, chonsecho makomo ambiri amene mukagwireko ntchito kuli galu, ndipo angakuchotsetseni ntchito sabata yoyamba.

Kwathu kuno galu tinamuzolowera ndi "choka!" ndi mwala, kudya kwake ndi mkute. Kumeneko amagona m'nyumba, ali ndi dokotala wake, ndipo lamulo la 1962 lotchedwa Animals Protection Act limamuteteza. A SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, angathe kukutengerani kukhoti chifukwa chomuzunza.

Ine mwezi woyamba ndinapeza galu wa mtundu wa boerboel, mutu ngati mtondo. Ndikamathirira maluwa ankandilumphira, ndiye ndinamukwapula ndi paipi yamadzi. Kulumpha anasiyadi, koma akandiona ankauma thupi n'kumandiyang'ana cham'mbali. Tsiku lina ndikuwerama kuti nditole mbale yake, anandiluma padzanja. Chipsera ndili nacho mpaka lero, ndipo wolakwa ndinali ine.

Abwana anaitana mayi wina wophunzitsa agalu. Sanabwere ndi ndodo, anabwera ndi tinyama ta nkhuku m'thumba, tating'ono ngati nyemba. Galu akaima miyendo yonse inayi ili pansi, ankamupatsa kanyama pompopompo, chifukwa mukachedwa sadziwa kuti mukumuthokoza chiyani. Akalumpha, mayiyo ankangomufulatira osalankhula. Ndinayamba kuchita chimodzimodzi, mphindi 5 m'mawa, mphindi 5 madzulo. Patapita masabata angapo galu yemwe uja ankagona pafupi nane ndikamadula kapinga.

Chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi kuwerenga thupi lake. Galu akamayasamula asali ndi tulo, akamanyambita milomo popanda chakudya, akamatembenuzira mutu kumbali kapena kupanikiza mchira pakati pa miyendo, ndiye kuti ali ndi mantha. Bwererani m'mbuyo pang'ono. Akadzuma musamukalipire, chifukwa akukuchenjezani. Mukamulanga pa zimenezo, ulendo wina adzangoluma osachenjeza. Akamadya musamuyandikire, ndipo musamuyang'ane m'maso mwachindunji.

Poyenda naye mumsewu akamakoka chingwe, imani chilili. Chingwe chikakhwepa, pitirizani. Poyamba mudzatopa nazo, mtunda waufupi udzakutengerani nthawi, koma musamukoke mwankhanza pakhosi.

Nyengo yamvula ku Johannesburg mabingu amakhala oopsa masana, ndipo usiku wa Chaka Chatsopano makombola amaphulika paliponse. Agalu ambiri amanjenjemera, ena amadumpha mpanda n'kusowa. Mulowetseni m'chipinda msanga, mutseke makatani, wailesi ilire chapansipansi, ndipo akabwera kudzatsamira pamwendo panu musamuthamangitse.

Zotsala zanu musamupatse mwachisawawa ngati kumudzi. Chokoleti, anyezi ndi mphesa zimamudwalitsa, mafupa ophika a nkhuku amathyoka n'kumubaya m'mimba. Tsiku loyamba lomwelo funsani madamu chimene amadya, mawu amene anamuphunzitsa, komanso ngati anabayitsa katemera wa chiwewe.