Kakiti koyezera progesterone ka hatchi yaikazi: kamaona bere kapena kamaona chani?

Funso loyamba lachokera kutali ndithu, kwa achimwene ena amene akusamala mahatchi pa famu ina ku KwaZulu-Natal, m'dziko la South Africa. Akuti: "Alangizi, abwana agula kakiti koyezera progesterone m'magazi a hatchi zazikazi, mphindi zochepa chabe mayankho atuluka. Tayeza ina yomwe inakweredwa masabata atatu apitawo, yapezeka ili pamwamba, ndiye abwana akuti basi yatenga bere. Zoona zimenezi?"

Achimwene, mwina yatengadi, koma kakitiko sikananene zimenezo ayi, anena ndi abwanawo. Tiyambe ndi mmene thupi la hatchi limayendera. Mkombero wake ndi masiku 21 kapena 22. Mwa amenewa, masiku 5 mpaka 7 ndi aja imafuna yamphongo, kukweza mchira, kukodzakodza pang'onopang'ono, kuima phee yamphongo ikayandikira. Dzira limatuluka kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti masiku amenewa athe, ndipo pamalo pomwe lachokapo pamapangika kanthu kachikasu komwe a vetenale amangoti CL. Kameneka ndi kamene kamapanga progesterone, timadzi ta m'thupi tothandiza kusunga bere. Hatchi ikamafuna yamphongo progesterone imakhala pansi, osafika ndi 1 ng/ml yomwe (ng/ml ndi muyezo wa kuchuluka kwake m'magazi), dzira likatuluka imayamba kukwera ndipo pofika tsiku la 5 kapena 6 nthawi zambiri yadutsa 4. Ngati sinatenge, cha pa tsiku la 14 kapena 15 chiberekero chimatulutsa timadzi tina totchedwa prostaglandin, CL uja nkufa, progesterone nkugwa, hatchi nkuyambanso kufuna.

Ndiye mwaona eti, kakiti kanu kakungoyankha funso limodzi basi: CL alipo wamoyo kapena palibe? Mwana sikamuona.

Mukayeza pa tsiku la 21 chikweredwereni nkupeza progesterone ili pansi, pamenepo khulupirirani, hatchiyo ilibe bere, konzekerani kukweretsanso. Koma ikakhala pamwamba nkhani ndi ina. Likhoza kukhala bere inde, komanso pali hatchi zina CL amangokakamira osafa mpaka miyezi iwiri kapena kuposa mulibe kanthu m'mimbamo, zina zinatenga koma kamwanako kanafa msanga CL nkutsala, zina chiberekero chili ndi mafinya ndiye sichikutulutsa prostaglandin bwinobwino. Zonsezi pa kakiti zimaoneka chimodzimodzi. Munthu nkumadikira miyezi uku ukudyetsa hatchi yopanda kanthu ngati yabere, season nkutha.

Chotsimikizira ndi sikani. A vetenale amaunika pa masiku 14 mpaka 16 dzira litatuluka, ndipo sikuti masiku amenewa anangowatola. Hatchi siyenderana ndi mapasa, kawirikawiri imapoloza bere litakula kale, ndiye akawapeza msanga chonchi amatha kuchotsa kamodzi kuti kena kapulumuke. Kakiti sikawerenga kuti muli angati. Apa abwana anu asaumire, aitane dotolo, masabata atatu akwana kale.

Musaganize kuti ndikunyoza kakitiko, kali ndi ntchito yake ndipo kamaigwira bwino. Hatchi zimayendera kutalika kwa usana, m'nyengo yozizira zambiri zimangotseka osatulutsa dzira konse, ndiye cha mu August ndi September kumeneko zimayamba kusokoneza, lero ikufuna mawa sikufuna kwa masabata koma dzira osatuluka. Komanso kwanuko mahatchi a mjaho, ma Thoroughbred, onse amawerengedwa kuti akwanitsa chaka pa 1 August, ndipo bere ndi la masiku pafupifupi 340, nchifukwa chake mumaona mabwana akupanikizika kuti zikweredwe September akangolowa. Nthawi ngati imeneyo kuyeza kumakuuzani kuti iyi yatulutsa kale dzira loyamba, iyi sinatulutse. Kumathandizanso pa hatchi zija zobisa, zosaonetsa zizindikiro chilichonse chikhalirecho mkati zikuyenda bwinobwino. Ndiponso musanabaye jekeseni wa prostaglandin woti ibwerere msanga, chifukwa jekeseniyo amagwira pokhapokha CL alipo ndipo wakwanitsa masiku 5, progesterone ili pansi mwangotaya mankhwala. Koma chonde, jekeseni yemweyo amachotsa bere laling'ono, osabaya hatchi yomwe inakweredwa musanaunike.

Pali misampha iwiri ina. Bere likafika miyezi 4 kapena 5 nsapo ndi imene imatenga udindo wolisunga, ndipo imapanga timadzi tina tofanana ndi progesterone osati yeniyeniyo, ndiye mukhoza kuyeza hatchi yamimba yooneka ndi maso kakiti nkunena kuti ili pansi, musadzidzimuke. Wachiwiri ndi Regu-Mate, mankhwala aja omwetsa. Amagwira ntchito ngati progesterone koma kakiti sikawaona, kamangoona yomwe hatchi ikupanga yokha. Ndipo poti ndawatchula, amalowa pakhungu amenewo, valani magolovesi, mayi woyembekezera asawagwire nkomwe.

Za kayezedwe sindichulutsa, magazi amatengedwa pa mtsempha wa pakhosi ndipo atenge ndi munthu wodziwa, kiti isungidwe mmene alembera papepala lake, zambiri ndi mufiriji koma muzitulutsa zikhale kaye panja musanayeze, ndipo yang'anani deti ngati sinathe. Chachikulu lembani tsiku lomwe hatchi inakweredwa ndi lomwe mwayeza. Nambala yopanda tsiku ngakhale dotolo sangakuuzeni kanthu.

Funso lachiwiri ndi la mayi ena a ku Bvumbwe oweta ng'ombe yamkaka, akuti anamva zoyeza zomwezi ndiye akufunsa ngati angayeze ng'ombe yawo yomwe wa AI, uja wopereka umuna wa nkhunzi popanda kukweretsa, anabwera kudzaipatsa mbewu.

Mayi, progesterone ndi yemweyo ndipo ng'ombenso mkombero wake ndi masiku 21, kungoti kwa ng'ombe nzosavutirapo chifukwa amayeza mumkaka osachita kubaya. Amayeza pa masiku 21 mpaka 24 chichokereni wa AI, ikakhala pansi sinatenge, ikakhala pamwamba mwina. Kiti ya hatchi musaitengere ku ng'ombe, iliyonse anaikonzera chiweto chake. Koma kunena zoona ine kwa inu a ng'ombe imodzi kapena ziwiri ndingati ndalamayo mugulire madeya. Tengani kalendala mulembe tsiku la AI, kuyambira tsiku la 18 mpaka 24 chichokereni wa AI muziyang'ana ng'ombeyo mmamawa ndi madzulo, chifukwa yake nthawi yofuna ndi yaifupi, maola 12 mpaka 18 basi osati sabata ngati hatchi, ndipo zambiri zimaonetsa usiku anthu muli mtulo. Kulira kosalekeza, chikazi choyera chotanuka kumbuyo, mkaka kutsika, kukwera zinzake kapena kuima ikamakweredwa, mukaona zimenezo imbirani wa AI tsiku lomwelo. Ikadutsa phee osaonetsa kanthu, pakatha miyezi iwiri kapena itatu itanani alangizi a ziweto a kwanuko adzapime ndi dzanja.