Labu ya pakhomo ya CCNP: mugule zitsulo zakale kapena muwonjezere RAM?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chilenje. Anakhoza CCNA, satifiketi yoyambira ya netiweki ya kampani ya Cisco, chaka chatha, amagwira ntchito yosamala netiweki pa kampani ina yaing'ono m'tauni muno, ndipo tsopano akufuna CCNP, satifiketi yotsatira, kenako mwina CCIE, yapamwamba kwambiri. Funso lake, lokhudza labu ya pakhomo yophunziriramo netiweki, ndi ili: "Pali munthu akugulitsa ma router anayi akale a Cisco, ma switch atatu ndi rack yake. Akuti popanda zimenezi CCNP sindingaikhoze. Ndikhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Ndigule?"

M'bale wanga, musagule. Kapena tinene kuti musagule zonsezo. Ndikufotokozereni chifukwa, poti inenso ndinadutsamo m'njira yomweyi ndipo ndalama zanga zinapita.

Zaka zapitazo ndinagula ma router a 2811 awiri, 1841 imodzi ndi ma switch a 3560 awiri kwa munthu wina amene kampani yake inkataya zinthu zakale. Tsiku loyamba ndinasangalala ngati mwana amene wagulidwira njinga. Tsiku lachiwiri mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndatsegula chigayo m'chipinda chochezera. Mafani a zipangizo zimenezi anapangidwira chipinda cha maseva chotseka ndiponso chozizira, osati pafupi ndi pogona khanda. Mwezi wa Okutobala utafika, ndi kutentha kwa Lusaka kuja, chipindacho chinasanduka uvuni. Kenako usiku wina magetsi anazima ndili pakati pokopera IOS (pulogalamu yoyendetsa zipangizo za Cisco) yatsopano mu router, nditafufuta kale yakale. Atabwera, router ija inangondionetsa rommon basi, pamene router imaimira ikasowa IOS. Ndinaichiritsa ndi TFTP, njira yotumizira mafayilo pa netiweki, tsiku lotsatira, ndipo n'zoona ndinaphunzirapo kanthu, koma limenelo silinali phunziro limene ndinakhalira pansi usiku umenewo.

Uphungu woti mugule zitsulo unali wabwino nthawi yake. Switch imagwira ntchito yake yambiri m'tizipangizo tapadera totchedwa ASIC, ndipo Dynamips, pulogalamu imene GNS3 (yomangira labu pa kompyuta) inkadalira poyamba, inkatha kuyerekezera ma router akale okha. Aliyense wofuna kuphunzira spanning tree mozama ankayenera kukhala ndi switch yeniyeni. Masiku ano kuli IOSv, IOSvL2 ndi IOL, ma router ndi ma switch a Cisco oyerekezera amene amayenda mkati mwa kompyuta n'kumachita VLAN, trunk, EtherChannel, spanning tree, OSPF, BGP ndi zina zambiri. Komanso mayeso enieniwo anasintha. Kuyambira pa 24 February 2020 Cisco inakonzanso masatifiketi ake. CCNP Enterprise tsopano ndi mayeso awiri: ENCOR 350-401, amene aliyense amalemba, ndi ena amodzi odzisankhira, ndipo ambiri a ife timasankha ENARSI 300-410. Mu ENCOR muli SD-WAN, SD-Access, Python, JSON, NETCONF ndi RESTCONF. Router ya 1841 zambiri mwa izi sizidziwa n'komwe. Mukhala mwadzaza nyumba ndi zitsulo zimene zikuphunzitseni theka la silabasi, theka linalo n'kukalifunabe pa kompyuta.

Ndiye ndalama zanuzo zipite kuti? Ku RAM, memore ya kompyuta. Ndibwerezenso, ku RAM.

Router iliyonse imene mwayatsa mu labu ya pakompyuta imadya gawo lake. IOSv imakhutira ndi 512MB, IOL imapepukanso. Koma CSR1000v kapena Catalyst 8000V imafuna pafupifupi 4GB iliyonse, ndipo Nexus 9000v imafuna 8GB kapena kuposa. Mwaona mmene masamu akuyendera. Ndi 16GB mutha kuyatsa ma router ang'onoang'ono khumi ndi angapo, zimene zikukwanirani pafupifupi ENARSI yonse: EIGRP, OSPF, BGP, redistribution, DMVPN ndi MPLS. Ndi 32GB mumapuma bwino, mumayika ndi ma router olemera angapo ophunzirira RESTCONF. Za 64GB kupita m'tsogolo muziganize mukayamba SD-WAN yathunthu ndi CCIE, osati lero. Purosesa ikhale ndi Intel VT-x kapena AMD-V, zimene zimalola kompyuta kuyendetsa ma router oyerekezerawa, ndipo mukayatse zimenezi mu BIOS, chifukwa makompyuta ambiri amabwera zili zozimitsa ndipo anthu amataya tsiku lonse akudabwa chifukwa chake router sikudzuka. Disiki ikhale SSD. Kompyuta ya mu ofesi yogwiritsidwapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex kapena Lenovo ThinkCentre, ikukwanira, ndipo zoterezi zimapezeka m'mashopu a m'tauni cha ku Cairo Road ndi Kamwala. Musanalipire funsani kuti imalola RAM yochuluka bwanji, ndipo aitsegule muone nokha mipata yake.

Ena akuuzani kuti mugule seva yakale ngati Dell R720, poti RAM yake ndi yotchipa. Zoonadi ndi yotchipa. Koma apa pabwera nkhani imene anzathu a ku Europe ndi America salemba m'maupangiri awo, nkhani ya magetsi.

Tonse tikukumbukira 2024. Chilala chinatsitsa madzi ku Kariba, ndipo load shedding inafika poti magetsi tinkawaona maola owerengeka pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Amene anali ndi labu yodya magetsi ambiri anangoiphimba nsalu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire ya 12V, 100Ah imasunga mphamvu pafupifupi 1,200Wh, koma ngati ndi ya mtovu simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, apo ayi sikhalitsa. Ndiye mwatsala ndi 600Wh. Rack ya zitsulo zisanu ndi ziwiri ikamadya, tinene, 400W, batire imeneyo yatha pa ola limodzi ndi theka. Kakompyuta kodya 50W kakufikitsani maola khumi kapena kuchepera pang'ono, mukachotsera zimene inverter imataya. Kusiyana kwake n'kumeneko: wina waphunzira usiku wonse, wina wangoyatsa ma router n'kuwazimitsanso. Choncho pa ndalama zimene munasungira rack ija, patulani za UPS kapena inverter yaing'ono ndi batire. Ngati laputopu yanu ikulola 32GB, ndiye bwino koposa, batire ili kale m'kati.

Za mapulogalamu sinditalikitsa. Packet Tracer, pulogalamu ya Cisco yoyerekezera netiweki, inakuthandizani pa CCNA, ithokozeni n'kuisiya, chifukwa malamulo ambiri a CCNP mulibe. GNS3 ndi yaulere. EVE-NG ili ndi mtundu waulere wa Community, ndipo ndi imene ndimakonda chifukwa mumaiyika pa kakompyuta kaja pakona, inu n'kumailowa ndi browser kuchokera pa laputopu. Koma ziwirizi sizibwera ndi ma image a Cisco, mafayilo a mapulogalamu oyendetsa ma router ndi ma switch oyerekezerawo. Ma image amenewa ali ndi layisensi, ndipo njira yowongoka yowapezera ndi Cisco Modeling Labs: mtundu wa Personal ndi wolipira pachaka ndipo umalola zipangizo 20, pomwe waulere umalola 5. Zisanu zikuoneka zochepa, komatu ndi ma router asanu mutha kumanga OSPF ya ma area atatu kapena BGP ya ma AS atatu. Ndikudziwa kuti ma image amayenda pa flash m'magulu a WhatsApp. Sindine wapolisi, koma image yosadziwika kumene yachokera ikayamba kuchita zachilendo, simudziwa ngati mwalakwitsa ndinu kapena ndi iyo, ndipo pophunzira palibe choipa kuposa chimenecho. Pali zina zaulere zimene eni ake amapereka okha: vJunos ya Juniper, cEOS ya Arista, FRRouting, ndi CHR ya MikroTik imene mtundu wake waulere umathera pa 1Mbps, liwiro lokwanira labu. MikroTik musainyoze, mudzakumana nayo m'maofesi ambiri kuno kwathu. Pa zinthu zolemera ngati Catalyst Center, zimene palibe wa ife angaziyatse kunyumba, Cisco DevNet Sandbox imakubwerekani kwaulere pa intaneti. Mafayilo a zonsezi ndi aakulu, choncho akopereni kuntchito mutapempha chilolezo kapena ndi bandulo ya usiku.

Tsopano chimene ndikufuna mumve kwambiri. Labu siphunzitsa munthu chifukwa yayenda. Imaphunzitsa ikakana.

Ndaona anyamata akutsatira vidiyo, kulemba lamulo lililonse monga alionera, ping n'kuyenda, iwo n'kuzimitsa ali okhutira. Sabata yamawa funso lomwelo likabwera mozondoka, mutu waima. Inu mukamaliza kumanga, yambani kuphwanya. Sinthani MTU (kukula kwa paketi kololedwa) mbali imodzi ya chingwe muone OSPF ikukakamira pa EXSTART, kenako tsegulani Wireshark, pulogalamu yoonera mapaketi, muyang'ane mapaketi a DBD mpaka mumvetse chimene akukanirana. Chotsani next-hop-self pa iBGP muone njira ikuoneka mu tebulo la BGP koma osalowa mu routing table. Chitani redistribution pakati pa OSPF ndi EIGRP pa ma router awiri nthawi imodzi, popanda tag kapena sefa iliyonse, mudikire chisokonezo chake. Pamenepo manambala a administrative distance, amene router imayang'ana posankha njira yoikhulupirira, 20 ya eBGP, 90 ya EIGRP, 110 ya OSPF, 170 ya EIGRP yochokera kunja, 200 ya iBGP, asiya kukhala zoloweza pamtima ngati za ku pulayimale. Mudzawakumbukira chifukwa anakuvutitsani usiku wina. ENARSI yadzaza ndi mafunso ofufuza chimene chalakwika, ndipo mayeso a labu a CCIE ndi a maola 8: atatu oganiza kapangidwe ka netiweki, asanu omanga ndi kukonza. Kumeneko kulibe vidiyo yotsatira.

Pezani mnzanu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa labu mwambiwu ndi wogwira ntchito kwenikweni: iye awononge netiweki yanu m'malo atatu osakuuzani, inu muwononge yake, mupatsane mphindi 30. Ine ndinkachita zimenezi Loweruka lililonse ndi mnzanga wa ku Kabwata, wolephera ankagula zakumwa. Muzisunganso ma config anu kunja kwa labu, pa Git kapena ngakhale pa flash, ndi kabuku kolembamo chimene chinakuvutani ndi mmene munachipezera.

Musaiwale kuti mayesowo amalipiridwa m'madola. Pamene ndikulemba pano ENCOR ndi madola 400, ENARSI 300, labu ya CCIE 1,600, osawerengera ndege ndi malo ogona, poti imeneyo mumakailembera kunja, kumalo monga Dubai kapena Brussels. Kwacha ikagwedezeka, mtengo wanu wakwera inu muli m'tulo. Satifiketi imakhala zaka zitatu, ndipo ENCOR yomweyo ndi imene imakutsegulirani khomo la labu ya CCIE, choncho siyotayika. Ndalama iliyonse imene mwaika pa zitsulo zongokongoletsa chipinda mwaichotsa pa mayeso.

Kodi zitsulo zilibiretu ntchito? Zili nayo, pang'ono. Pali zinthu zimene zala ziyenera kudziwa: kulumikiza chingwe cha console pa liwiro la 9600, kubwezeretsa password yoiwalika, kuona kuwala kwa port kukusintha kuchoka ku orenji kupita ku girini, kuyatsa foni ya IP ndi PoE (magetsi odzera mu chingwe cha netiweki). Inu mumagwira kale ntchito ya netiweki, mwina zina mwa izi mumazichita masana. Ngati ayi, bwererani kwa wogulitsa uja mumuuze kuti mukufuna switch imodzi yokha, 3560 kapena 3750 ngati ilipo, ndi chingwe cha console. Muiyatse pamaso pake, mulembe show version, muyese ma port onse limodzi ndi limodzi, mumvetsere fani. Akakakamira kuti zonse zimapita pamodzi, musiyeni, ma switch akale sasowa mu Lusaka. Mukaitenga muziiyatsa masana okha, mwana ali maso.