Musazule injini ya Impala chifukwa chakuti ikuwira

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa m'bale wathu wina wokhala kuno ku Johannesburg, amene agula Chevrolet Impala ya 1964 yokhala ndi injini ya 283. Akuti galimotoyo imayenda bwino pamsewu waukulu, koma ikangoima pamndandanda wa magalimoto madzi amayamba kuwira, ndipo makaniko wawo wawalangiza kuti asataye nthawi, angozula injiniyo n'kuikamo injini ya V8 ya Lexus. Iwo akufunsa ngati kuli koyenera kuvomera.

Achimwene, musavomere. Ndikuyankhani mosapita m'mbali chifukwa mawu amene mwauzidwawo ndi omwewo amene ndinauzidwa ine nditangogula Chrysler Valiant yanga, ya injini yopendekeka ija ya masilinda 6 imene imatchedwa slant six. Nayonso inkawira, ngakhale kuti yangayo inkatero ndikamakwera chitunda kapena ndikathamanga ulendo wautali, ndipo pafupifupi aliyense amene anasuzumira m'boneti ankapukusa mutu n'kunena kuti injiniyo yakalamba, yatha ntchito. Amene anandithandiza anali bambo ena achikulire amene akhala akukonza magalimoto a ku America kuyambira ali mnyamata. Iwo sanafulumire kuweruza. Anayamba ayeza compression ya silinda iliyonse, kutanthauza mphamvu imene imapanikizira mpweya, n'kupeza kuti manambala ake ndi oyandikana, kenaka anatenga hamala ndi chitsulo chosongoka n'kugumula tizivindikiro tachitsulo ta m'mbali mwa block (thunthu la injini), timene amakaniko a kuno amatitcha welch plugs. Pabowo lakumbuyo kwenikweni panatuluka matope a dzimbiri okhuthala ngati phala la mawere, amene anali atatseka njira ya madzi mozungulira masilinda. Tinatha tsiku lonse tikutokosa ndi waya ndiponso kutsuka ndi payipi mpaka madzi anayamba kutuluka oyera, ndipo rediyeta tinaipereka kwa odziwa ntchitoyo kuti aikemo core yatsopano, imene ndi timapayipi ta mkati todutsa madzi. Injini yomweyo ikundiyendetsabe mpaka lero.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti ndaonanso mbali inayo ya nkhaniyi. Kuseri kwa garaja ina ya ku East Rand kuli Impala imene mwini wake anamvera malangizo ngati amene mwapatsidwawa. Injini yake yeniyeni inagulitsidwa motchipa, ya Lexus inalowetsedwa koma sinamalizidwe kulumikiza, ndipo galimotoyo yakhala padzuwa ndi pamvula kwa zaka, mawaya ali lendelende, mipando ikuwola. Wouza mnzake kuti "tingoikamo Lexus" kawirikawiri satchula zonse zimene zimatsatira. Pamafunika kuwotcherera zogwirira injini zatsopano, kuonetsetsa kuti sump (mphika wa oilo wa pansi pa injini) sikugunda zitsulo za chiwongolero, kukonza pokhala giyabokosi, ndiponso kudula propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumatayala akumbuyo), imene pa Impala za 1958 mpaka 1964 ili m'zigawo ziwiri ndipo imadutsa pakati penipeni pa chasisi yooneka ngati chilembo cha X. Pamafunikanso pampu ya petulo yamphamvu, kompyuta yoyendetsa injini ndi mawaya ake onse, kenaka chilolezo cha apolisi chifukwa nambala ya injini yasintha. Chilichonse mwa zimenezi ndi ndalama, ndipo ambiri ndalamazo zimawathera ntchito ili pakati.

Sindikunyoza injini ya Lexus. V8 imeneyi, yotchedwa 1UZ, imene inatuluka mu 1989 m'galimoto ya LS400, ndi injini yabwino kwambiri, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake yafala chonchi ku South Africa. Koma taganizirani mfundo iyi: ngati galimoto yanu ikuwira chifukwa mphepo sikudutsa bwino pa rediyeta, injini yatsopanoyo idzawiranso pamalo omwewo, ndipo popeza ndi ya aluminiyamu, siidzapirira kutentha monga mmene chitsulo cha 283 chapiririra zaka zonsezi. Makaniko amene akulamula kuti injini izulidwe asanayeze n'komwe compression sakukuuzani za matenda a galimoto yanu. Akukuuzani ntchito imene iyeyo anazolowera kugwira. Pamenepa sindisintha maganizo.

Mudziwenso chimene muli nacho m'manja. Injini ya 283, imene ndi ya malita 4.6, ndi ya m'banja la small-block limene Chevrolet inayambitsa mu 1955 motsogozedwa ndi Ed Cole, ndipo 283 yeniyeniyo inapangidwa kuyambira 1957 mpaka 1967. Banja limeneli linapangidwa mamiliyoni ambirimbiri, moti mapisitoni, magasiketi, mapampu a madzi ndi zina zotero zikupangidwabe zatsopano ndipo n'zosavuta kuitanitsa. Ngakhale zitapezeka kuti block yanu inang'aluka, injini ya 350 ya banja lomwelo imakhala pa zogwirira zomwezo n'kulumikizana ndi giyabokosi yomweyo popanda kudula kanthu. Injini imeneyi munthu angathe kuikonza pakhomo pake ali ndi masipanala a mainchesi, a 1/2, 9/16 ndi 5/8, ndipo ndikukulangizani kuti mugule anuanu, chifukwa masipanala a mamilimita amawononga mitu ya mabawuti akalewa. Kwa ine chisangalalo chonse chosunga galimoto yotereyi chagona pamenepa, poti chilichonse chimaoneka ndi maso ndipo chimamveka ndi khutu. Pa chivindikiro cha distributor ya Delco, chipangizo chogawa moto kumapulagi, pali kawindo kachitsulo kamene mumakakweza n'kulowetsa Allen key, ndipo mumasintha points (tizitsulo totsegula ndi kutseka magetsi) injini ili chilirire mpaka dwell (muyezo wa nthawi imene timakhala totseka) ifike madigiri 30, mukumva mmene kaliridwe kake kakusinthira.

Simunanene ngati chiwongolero chili kumanja. Ngati chili kumanja, n'kutheka kuti galimotoyo inalumikizidwa ku Port Elizabeth, kumene tsopano kumatchedwa Gqeberha, kumene General Motors inayamba ntchito mu 1926 ndipo inkalumikiza ma Impala kuchokera ku zigawo zobwera kuchokera ku Canada. Magalimoto oterewa atsala ochepa, ndipo mukapita nayo kumene eni magalimoto akale amasonkhana, monga ku Piston Ring ku Modderfontein, chinthu choyamba chimene anthu adzapemphe n'chakuti mutsegule boneti. Galimoto yokhala ndi injini yake yoyambirira imalemekezedwa, ndipo mtengo wake pogulitsa umasiyana ndi wa imene inasinthidwa.

Poyambira pake

Mawu anu akuti imawira ikaima koma osati ikamathamanga ndi ofunika kwambiri, chifukwa akusonyeza kuti vuto lalikulu ndi mphepo kapena timing (nthawi imene moto umayakira m'masilinda), osati matope ngati a Valiant yanga. Onani ngati fani ili ndi chotchingira chake chozungulira, ngati ili pafupi mokwanira ndi rediyeta, ndiponso ngati lamba wake sakuterereka. Yezani timing, chifukwa moto wochedwa umatenthetsa injini, ndipo yesani vacuum advance, kachipangizo ka pa distributor kofulumizitsa moto, poyamwa kapayipi kake mutachotsa chivindikiro cha distributor: mbale ya mkati iyenera kusuntha n'kukhala pomwepo mpaka mutasiya. Ikani thermostat (kavavu kotsegula njira ya madzi injini ikatentha) ya madigiri 82, ndipo musalole kuti wina aichotseretu. Gulani chivindikiro chatsopano cha rediyeta, popeza Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 pamene madzi osapanikizidwa amawira pafupifupi pa madigiri 94. Zimenezi zikalephera, ndiye mutsuke block ndi kukonzetsa rediyeta.

Koma pali chinthu china chimene simunafunse chimene chikundidetsa nkhawa kuposa kuwirako. Impala ya 1964 inatuluka ndi mabuleki a drum kumatayala onse anayi, oyendetsedwa ndi master cylinder (pampu yokankha mafuta a mabuleki) ya chipinda chimodzi, kutanthauza kuti payipi imodzi yokha ikaphulika mabuleki onse amatha nthawi yomweyo. Ku America master cylinder ya zipinda ziwiri inayamba kuikidwa m'magalimoto onse cha mu 1967, ndipo galimoto yanu inapangidwa zimenezo zisanachitike. Galimoto yolemera chonchi, yokhala ndi mapayipi a mabuleki amene mwina sanasinthidwepo, siyenera kulowa mumsewu waukulu wa N1 nthawi ya m'mawa ili choncho. Ndalama zimene munakonzera injini ya Lexus ziyambe zagula master cylinder ya zipinda ziwiri, mapayipi atsopano achitsulo ndi a rabala, ndi masilinda a m'matayala. Kusintha kumeneku ndikukuvomereza ndi mtima wonse ngakhale kuti si mmene galimotoyo inatulukira kufakitale. Pamene makaniko ali pansi pa galimoto kuchita zimenezi, muwapemphe agogode chasisi ndi hamala, makamaka cha kumbuyo ndi pamene thupi la galimoto limakhalira, kuti mudziwe ngati dzimbiri lalowa mkati musanawononge ndalama pa penti.