Mkono wamanzere wa bambo anga

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti amuna awo awapeza ndi mtsempha wamagazi wotsekeka pansi pa khosi, uja madokotala amati subclavian artery, ndiye akufunsa ngati avomere opaleshoni. Mayi, mwandikumbutsa kutali.

Bambo anga anali kalipentala. Akamapala thabwa mkono wamanzere unkalema msanga, zala kuzizira, kenako chizungulire mpaka kutsamira benchi. Achibale anagamula kale kuti awalodza ndi kalipentala mnzawo wa kumsika. Kuchipatala china ankawayeza BP kumkono wodwalawo n'kumati, "Bambo muli bwino, yangotsika pang'ono." Anatulukira vuto ndi namwino wina wachikulire amene anayeza mikono yonse iwiri: kumanja inali m'mwamba zedi, kumanzere pansi.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Kuyeza mkono wachiwiri sikulira ndalama! BP ya mikono iwiriyo ikasiyana ndi 20 kapena kuposa, munthu afufuzidwe basi. Mtsempha umenewu umadyetsa mkono, komanso uli ndi nthambi yokwera m'khosi kukafika ku ubongo chakunkhongo. Ukatsekeka, magazi a m'nthambiyo amatsika chobwerera kukathandiza mkono, ubongo n'kuperewedwa. Chizungulire chija n'chimenecho, ndipo kawirikawiri vutoli limagwira kumanzere.

Za fodya ndisayambe. Bambo ankapichira chingambwe m'pepala la nyuzipepala, akuti chimachotsa kutopa. Fodya, shuga, BP ndi mafuta ndizo zimaunjika zinyalala m'mitsempha. Komabe tisamangoloza chala osuta: alipo atsikana osasuta amene mtsemphawu umatsekeka chifukwa cha kutupa, matenda a Takayasu.

Nanga opaleshoniyo?

Ngati bambo akunyumbawo sakumva kanthu, nthawi zambiri mpeni sufunika, amapatsidwa asipirini ndi mankhwala otsitsa mafuta, n'kusiya fodya. Koma ngati pali chizungulire, kugwa, kapena mkono ukukanika ntchito, musazengereze. Madokotala amatha kulowetsa kachubu kudzera m'mphechepeche kapena pamkono, kufufumitsa potsekekapo n'kusiyapo stent, kachubu ka waya kogwiriziza mtsemphawo kuti ukhale wotseguka. Zikakanika amang'amba pamwamba pa fupa lopingasa la pansi pa khosi, n'kulumikiza mtsemphawo ku mtsempha waukulu wa m'khosi, carotid. Njira yachiwiriyi ndi yaikulu koma imakhalitsa. Mufunse dokotala wa mitsempha yamagazi kuti sikani ikusonyeza kutsekeka kotalika bwanji, ndiponso kuti iyeyo wachitapo maopaleshoni otere kangati.